Achongo Sabadwa ndi Chongo

Palibe mwana amene amayamba Giredi 1 ali wamwano. Tonse tinkakweza dzanja mpaka phewa kuwawa, uku tikukuwa kuti, "Ine ba ticha, ine!" Nanga zinkatheka bwanji kuti pofika Giredi 8 mwana yemweyo azikhala kumbuyo, n'kumalira ngati mbuzi ba ticha akangoyang'ana ku bolodi?

Ine ndinali monita zaka ziwiri pasukulu ina ya mu komboni yathu ku Lusaka, ndipo ntchito yanga inali kulemba maina a ochita chongo. Maina aja sankasintha. Ambiri ndinkawadziwa kuchokera ku pulaimale, ndipo anali omwe aja ovutika kuwerenga. Ife tinaphunzira m'Chinyanja mpaka Giredi 4, koma mu Giredi 5 zonse zinasanduka Chingelezi. Amene anali asanagwire kuwerenga anatsalira pomwepo, ngakhale magiredi ankapita patsogolo.

Mwana wa zaka 9 akalakwitsa amangoseka. Wa zaka 14 sangatero. Mawu akusintha, ziphuphu zatuluka, ndipo maso a anzake amamuopsa kuposa ofesi ya ahedi. Pamsinkhu umenewo kutchedwa chikopo kumawawa kuposa chilango chilichonse.

Mnzanga wina akauzidwa kuti awerenge, ankayamba kutsanzira mawu a ba ticha. Kalasi yonse inkafa ndi phwete, iye n'kutulutsidwa kukatchetcha udzu. Kwa iye uko kunali kupulumuka, chifukwa palibe anaona kuti ndime ija sakanaitha. Atsikana ena ankangotsonya n'kuyang'ana pawindo. Chizolowezi chikakula, mwano uja umakhala dzina lako, ndipo umayenera kuliteteza tsiku lililonse.

Mu 2022 maphunziro atakhala aulere mpaka Giredi 12, anzathu ambiri anabwerera kusukulu. Zinali zabwino kwambiri. Koma kalasi yathu inadzaza mpaka ena kukhala anayi pa desiki imodzi. M'mphindi 40, mphunzitsi m'modzi angadziwe bwanji amene akudelela chabe ndi amene akubisa manyazi?

Akuluakulu amati vuto n'lakuti chikoti chinaletsedwa m'masukulu mu 2003. Koma chikoti sichinaphunzitsepo munthu kuwerenga. Chimangomupatsa mbiri yoti ndi wolimba, imene ndiyo ankaifuna kale.

Sindikuti mwano ulibe mlandu. Umadyera nthawi aliyense, ndipo mayeso a Giredi 9 sankaseka ndi munthu. Ena a papepala langa lija lero ndi ang'wang'wazi pa siteshoni, akuitanira anthu mu minibasi ndi mawu omwe aja ankasokoneza nawo kalasi.

Iwe amene ukadali pasukulu, dziwa kuti wachongo amakhuta kuseka kwa anzake. Ngati pa desiki yako pali wotere, usadikire kuti apemphe thandizo, sadzapempha. Muitane kwanu Loweruka, kopanda omuonerera, muwerengere limodzi tsamba limodzi.