Wapampando wa Komiti Yosungitsa Mwambo

Pasukulu iliyonse ya sekondale pali msonkhano umene ophunzira sauona, koma umene umagamula za tsogolo la ena mwa iwo. Umenewu ndi msonkhano wa komiti yosungitsa mwambo. Kawirikawiri umachitika masana ophunzira ataweruka, m'chipinda cha aphunzitsi, chitseko chili chotseka. Aphunzitsi amakhala atatopa, manja ali mbuu ndi choko, ndipo ena maganizo amakhala ali kumsika kapena kumunda. Dzina la mwana likangotchulidwa, aliyense amakumbukira tsiku limene mwanayo adamulakwira. Uyu ati ngwamwano, uyo ati ngwaulesi, winayo ati ngakhale mkulu wake adali chimodzimodzi. Dzuwa limapendeka anthu akulandizana nkhani zoterezi, ndipo pomaliza pamatuluka chimodzi mwa zinthu ziwiri: mwina mwana uja amalemberedwa kalata yomuimitsa sukulu, mwinanso anthu amabalalika ndi mawu akuti "tiona," popanda wodziwa kuti woonayo ndani.

Mayi ena ophunzitsa Chichewa pasukulu ina yoyendera m'boma la Dedza adapatsidwa udindo wotsogolera komiti yotereyi. Sukuluyo ndi imodzi mwa zija zimene kale zinkatchedwa DEC, zimene boma lidazisandutsa ma CDSS mu 1998. Ilibe malo ogona, choncho ophunzira ake amadzukira m'midzi, ena wapansi, ena panjinga, ndipo amafika ndi mavuto a kwawo ali kumsana pamodzi ndi makope. Mayiwo sadali achikulire koposa onse m'komitimo. Mmodzi mwa abambo amene ankakhala nawo, mphunzitsi wa masamu waimvi, adawaphunzitsa iwo omwe akadali mtsikana wa Fomu 2. Kutsogolera munthu amene adakuchongera makope si chinthu chapafupi.

Nkhani imene idaonetsa bwino kagwiridwe kawo ka ntchito idali ya mnyamata wina wa Fomu 3. Madandaulo adali awiri: kuchedwa ndi mwano. Aphunzitsi atatu mwa asanu adalowa m'chipindamo atagamula kale mumtima kuti mnyamatayo apite kwawo. Kwa mwana wa Fomu 3, kuimitsidwa sukulu kwa masabata angapo ndi chilonda chachikulu, pakuti zimene amaphunzira m'chaka chimenechi zimabweranso pamayeso a MSCE. Ndipo ana ena akapita kwawo motero sabwereranso.

Bambo a masamu aja ndiwo adayamba. Adalankhula kwa nthawi za ana a masiku ano, za kutha kwa ulemu, ndiponso za mmene zinthu zidalili kale. Mayi aja adawaleka mpaka atapuma, kenaka adati, "Zikomo aphunzitsi, tamva. Kodi mwano umenewu adauchita tsiku liti, ndipo adanena mawu otani?"

"Mwana wanga," adatero bambowo, "ine ndagwira choko iwe usadabadwe. Mwana wosamva ndimamudziwa pongomuona."

"Nchifukwa chake tikudalira inu, aphunzitsi. Tiuzeni zimene maso anu adaona kuti nafenso tione nawo."

Bambo aja adakhala chete pang'ono, kenaka adafotokoza. Mnyamatayo akaitanidwa kubolodi kuti akasove samu, ankayankha mwanthabwala, anzake nkuseka, iwo nkumutulutsa. Zidachitika kangapo, ndipo nthawi zonse kudali kubolodi. Apa wapampando adapempha mphunzitsi wa kalasi kuti atsegule kaundula ndi kuwerenga masiku amene mnyamatayo adachedwa. Pafupifupi onse adali Lachiwiri kapena Lachisanu. Mphunzitsi wina wachitsikana, amene adali asadatsegule pakamwa chiyambire msonkhano, atafunsidwa ngati ali ndi mawu, adanena motsitsa kuti amenewo ndi masiku a msika, ndipo kuti iye amamuona mnyamatayo mbandakucha akukankha njinga yodzaza matumba a kachewere. Mbatatayo idali ya agogo ake, amene ankamulera.

Chotsalira chidatuluka chokha. Pasukulupo, wochedwa ankapatsidwa chikwakwa kuti atchetche udzu kapena khasu kuti akumbe dzenje la zinyalala, anzake ali m'kalasi. Ndipo pa ndondomeko ya maphunziro a Fomu 3, masamu adali m'mawa Lachiwiri ndi Lachisanu. Motero mnyamatayo adatha masabata ambiri akutchetcha udzu pa nthawi ya masamu. Akaitanidwa kubolodi sankadziwa poyambira, ndipo kwa mnyamata wa msinkhu umenewo nkwabwino kutchedwa wamwano kusiyana ndi kusekedwa kuti ndi mbuli pamaso pa atsikana. Kumutulutsa m'kalasi, kumene bambo aja ankakuyesa chilango, kwa iye kudali chipulumutso. Sukulu inkathirira yokha udzu umene inkafuna kuzula.

Kafunsidwe kotereka kali ndi eni ake amene adakafufuza mozama. Ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, akatswiri a maphunziro monga George Sugai ndi Robert Horner, amene adagwirira ntchito limodzi payunivesite ya Oregon, adakhazikitsa njira yotchedwa Positive Behavioral Interventions and Supports, mwachidule PBIS. Mu 1997 lamulo la dzikolo lokhudza maphunziro a ana aulumali lidakonzedwanso, ndipo lidatchula njira zolimbikitsa khalidwe labwino ngati chinthu choyenera kuganiziridwa pamene khalidwe la mwana likusokoneza maphunziro. Maziko a njirayi ndi akuti khalidwe limene mwana amalibwereza limamupindulira kanthu: mwina amapeza nacho chimene akufuna, monga kuonedwa ndi anzake, mwina amathawa nacho chimene akuopa. Wofuna kusintha khalidwelo ayenera kuyamba wadziwa phindu limenelo.

M'sukulu zotsata njirayi mumakhala gulu la aphunzitsi lokumana kawirikawiri, ndipo pamakhala mlangizi amene amamutcha kochi, monga wa mpira, chifukwa ntchito yake ndi kuthandiza gululo kusewera bwino, osati kumenya yekha mpira. Akatswiri a ku Oregon pamodzi ndi anzawo a ku North Carolina adakonzanso dongosolo la kayendetsedwe ka misonkhano yotereyi, lotchedwa TIPS. M'dongosololi, wotsogolera zokambirana ndi wina, wolemba ndi wina, ndipo wobweretsa zimene zidalembedwa za khalidwe la ana ndi winanso. Gulu silithamangira kufuna mankhwala lisadatchule vuto mwatchutchutchu: chikuchitika nchiyani, kuti, nthawi yanji, akuchita ndani, kangati, ndipo chifukwa chiyani. Kunena kuti "ana akuvuta" si kutchula vuto. Ndi kudandaula chabe.

Zina mwa zimenezi nzosavuta kumayiko kumene kalasi ili ndi ana ochepa, sukulu ili ndi mlangizi wolembedwa ntchito yokhayo, ndipo zolakwa za ana zimasungidwa pakompyuta. Mayi a ku Dedza aja adali ndi kaundula, kope limodzi lachikuto cholimba ndi wotchi yapamkono. Koma mafunso sagula, ndipo amene iwo ankafunsa adali omwewo.

Chimene mabuku akunja sangaphunzitse ndicho kayendetsedwe ka msonkhano pakati pa anthu amene amalemekezana potsata msinkhu. Mphunzitsi wamkulu akalankhula poyamba, nkhani yatha, pakuti palibe wamng'ono amene angatsutse bwana pagulu. Mayi aja adadziwa zimenezi, choncho adakawaona aphunzitsi aakulu kuofesi kwawo paokha, nawapempha mwaulemu kuti azilankhula pomaliza. Sadapemphe chachilendo. Pabwalo la milandu kumudzi, mfumu imakhala duu kumvetsera, nduna ndi eni nkhani nkumalankhula, ndipo iyo imatsekera. Aphunzitsi aakuluwo adavomera, mwina chifukwa adaona kuti mpando wotsiriza ndiwo wa ulemu. Kwa achinyamata, amene amaopa kudula mawu akulu, wapampando ankawatchula mmodzimmodzi. Mtsikana uja akadapanda kufunsidwa, nkhani ya kachewere ikadatuluka naye m'chipindamo osamveka.

Ankasamalanso za nthawi. Msonkhano unkayamba 2 koloko ndi kutha 3 koloko, ndipo mitu yokambirana inkalembedwa pabolodi anthu asadakhale pansi. Wina akayamba kusimba za mkulu wake wa mwana kapena za kuledzera kwa bambo ake, mayiwo ankati, "Imeneyo tiisunge, bambo, ikafunika tiitenga." Kawirikawiri sinkafunika. Ena ankang'ung'udza kuti mayiwo ngouma mtima, koma palibe adadandaulapo chifukwa chofika kunyumba dzuwa likadalipo.

Asadamange mfundo, adaitanitsa mnyamata uja, amene ankadikira pakhonde. Adalowa atagwira chipewa m'manja, nayang'ana pansi. Atafunsidwa za msika, adavomera. Atafunsidwa za masamu, adangoti, "Sindimva, madamu," ndipo mawu ake adanjenjemera. Kumva mbali ya mwana si chifundo chokha ayi. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, amanena m'gawo 25 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo m'gawo 43 amati wokhudzidwa ndi chigamulo cha akuluakulu a boma ayenera kuchitiridwa mwachilungamo ndi kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Sukulu ya boma ikachotsa mwana popanda kumumva, ingathe kukayankha kukhoti. Nchifukwa chake kope lachikuto cholimba lija lidali lofunika monga mpando wa wapampando.

Mfundo zidamangidwa zinayi, ndipo iliyonse idapatsidwa mwini ndi tsiku. Mphunzitsi wa kalasi, pamodzi ndi kholo limodzi la m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi, akaone agogo aja lisadafike Loweruka. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu asinthe nthawi ya chilango cha ochedwa kuti chizichitika poweruka. Bambo a masamu ampatse mnyamatayo samu imodzi dzulo lake, kuti akaitanidwa kubolodi azipita atakonzeka, ndipo apeze mnzake womuthandiza pa zimene zidamupita. Mnyamatayo naye apepese kwa aphunzitsi ake pamaso pa kalasi, pakuti mwano ndi mwano ngakhale utakhala ndi chifukwa. Bambo aja adapukusa mutu, nati kumeneko nkulera njoka. Mayiwo sadatsutsane nawo. Adangoti, "Tiyese masabata awiri, aphunzitsi. Zikakanika, mudzatiuza ndinu." Mlembi adawerenga mokweza zonse zinayi, ndipo aliyense adavomera yake ndi pakamwa pake.

Asaganize wina kuti komitiyi idasanduka yosekerera. M'chigawo chomwecho cha sukulu, mnyamata wina wa Fomu 4 adadikirira mtsikana panjira namuopseza chifukwa chomukana. Mafunso adali omwe aja, ndipo mayankho ake adaonetsa kuti mtsikanayo adali pangozi. Mnyamatayo adamvedwa, makolo ake adaitanidwa, ndipo adaimitsidwa tsiku lomwelo, zifukwa zili papepala. Kufunsa bwino nthawi zina kumapulumutsa mwana, nthawi zina kumalimbitsa chilango.

Patatha masabata awiri komiti idakumananso, ndipo monga mwa chizolowezi cha mayiwo, chinthu choyamba chidali kuwerenga malonjezo a msonkhano wapita. Apa ndi pamene misonkhano yambiri imafera, chifukwa nkovuta kufunsa mnzako pagulu ngati adachita zimene adalonjeza. Mphunzitsi wa kalasi adali atapita kumudzi. Agogo aja adamulandira bwino, koma adanena mosabisa kuti njinga ikapanda kupita kumsika, pakhomopo sipafuka utsi. Atakambirana ndi atsibweni a mnyamatayo, adagwirizana kuti msuweni wake wina azipita Lachiwiri. La Lachisanu lidasowa womulowera. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, atafika pa dzina lake, adakanda kumutu: nkhani ya chilango adali ataiiwala sabata yonse yoyamba, ndipo adaikumbukira ataona tsiku la msonkhano likuyandikira. Wapampando sadawonjezepo mawu; adangouza mlembi kuti alembe tsiku limene kusinthako kudayamba.

Onse adatembenukira kwa bambo a masamu. Iwo adavula magalasi, nawapukuta ndi mpango mosafulumira. "Masamu ake akadali kutali," adatero. "Sindinganame. Koma sabata ino sindidamutulutse."

Wachiwiri uja adakweza mkono. Poyang'anira chilango cha poweruka, adati, adazindikira kuti Lachisanu ochedwa amachuluka kuposa masiku ena onse, ndipo ambiri ndi ochokera kumidzi ya mbali ya kumsika. Adafunsa ngati sikungatheke kuti masamu ndi sayansi zisamakhale m'mawa tsiku limenelo. Aphunzitsi aakulu, amene adali chete mpaka apo, adati nkhani ya ndondomeko ya maphunziro njokhudza aphunzitsi onse, ndipo adzaipereka okha pamsonkhano wotsegulira chigawo chamawa. Mlembi adalemba dzina lawo ndi tsiku. Mayi aja adayang'ana wotchi, idali 2:25, ndipo adawerenga mutu wachiwiri pabolodi.