Mphindi Khumi pa Ulalo wa ku Sarajevo

Anthu 30 anakwera basi imodzi pa Dubrovnik, mudzi wa malinga a miyala m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic, m'dziko la Croatia. Ambiri anali azungu okalamba a ku Britain. Koma pakati pao panali mkulu wina wa ku Chipata, mphunzitsi wopuma nchito, amene mwana wace wa ku London anamlipirira ulendowo kuti akaoneko maiko.

Ulendo wa gulu uli ndi ubwino wace. Munthu sasokera, sadzifunira yekha kogona, ndipo pa malire a maiko alipo womlankhulira. Koma mwini ulendo wotere ndiye wochi. Mtsogoleri wao, mnyamata waulemu wa ku Bosnia, anayenda patsogolo atakweza ambulera, onse namtsata ngati anapiye. Pa malo ali onse anati, "Pano tikhala mphindi zakuti," ndipo zikatha anawawerenga monga mbusa awerenga mbuzi pakhomo pa khola.

Pa Mostar anawapatsa maora awiri. Anaona ulalo wa miyala wodutsa mtsinje wa Neretva, wokhota ngati uta, umene unamangidwa mu 1566 pa ulamuliro wa Aturki, nuima zaka 427 kufikira mizinga inaugwetsa pa 9 November 1993. Umene ulipo lero anautsegula mu 2004. Anyamata a pamenepo asonkhetsa alendo ndalama, ndipo zikakwana mmodzi adziponya m'madzi ozizirawo. Gulu linaomba m'manja, linagula timbale ta mkuwa, nilibwerera ku basi.

M'mawa mwace anayenda pansi m'mudzi wa Sarajevo, m'mene mizikiti, machalichi ndi sunagoge ziimirira moyandikana, ndi makoma ena ali cikhalire ndi zipsera za nkhondo imene inazinga mudziwo kuyambira 1992 kufikira 1996. Tsono anafika pa ulalo wochedwa Latin Bridge. Uli waung'ono ndithu, ndi mtsinje wace, Miljacka, uli wosaya. Munthu wosauzidwa angaupitirire osaceuka.

"Pano mphindi khumi," anatero mtsogoleri, nayamba kufotokoza. Pa 28 June 1914 Franz Ferdinand, woyembekeza kulowa ufumu wa Austria-Hungary, anali kupita pamenepo ndi mkazi wace Sophie m'galimoto yosatseka pamwamba. Woyendetsa analakwa njira, naima kuti abwerere m'mbuyo. Ndipo anaimika pafupi ndi mnyamata wa zaka 19, Gavrilo Princip, amene anali ndi mfuti yaing'ono. Iye anaombera kawiri, nafa onse awiri. Patapita mwezi umodzi Austria-Hungary inayamba nkhondo ndi Serbia, ndipo pa 4 August Britain inalowamo. Mtsogoleri anachula France, Russia ndi Germany. Africa sanaichule, ndipo sitimtsutsa, pakuti munthu anena zimene anaphunzitsidwa.

Koma mkulu uja wa ku Chipata anaima duu, cifukwa anakumbukira mutu wa agogo ace amuna. Pa liwombo pao panali dazi louma ngati cikopa, ndipo ali mwana anakonda kuligwira ndi kufunsa. Agogowo anali mtengatenga. Pa nkhondo imene ija Boma linalamula mafumu kupereka amuna, ndipo amunawo anasenza ufa ndi zipolopolo pamutu kumka kumpoto, ku malire a dziko limene Ajeremani analamulira, kumene lero kuli Tanzania. Anayenda miyezi osavala nsapato, m'mvula ndi padzuwa. Ambiri anafera panjira ndi kamwazi ndi malungo, naikidwa popanda mbale wao wolira. Agogo anabwera, koma mng'ono wao amene ananyamuka naye tsiku limodzi sanabwere. Powafunsa ciyambi ca nkhondoyo anangoti azungu anayambana kwao. Dzina la Sarajevo anamwalira osalimva.

Kodi ana a sukulu angati adziwa kumene nkhondo yoyambira pa kaulalo aka inathera? Ku Ulaya mfuti zinaleka pa 11 November 1918, koma tsiku limenelo kazembe wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anali ndi asilikari ace m'Northern Rhodesia, dziko limene lero liri Zambia. Mau akuti nkhondo yatha anampeza pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, ndipo anatula zida pa Abercorn, ndiyo Mbala, pa 25 November. Mkuluyo anaphunzitsa ana zimenezi zaka zambiri, nalemba masikuwo pa bolodi ndi coko. Koma sanaganizepo kuti malowo ndi ocepa cotere. Anayesa ndi mapazi kucokera pa ngondya ya mseu, pamene Princip anaima, kufika pa ulalo. Anaoloka, nabwerera, naolokanso.

Anzace anajambula zithunzi, natsata ambulera. Pakhomo pa basi mtsogoleri anawerenga 29, nathamanga kubwerera.

"Bambo, tiyeni, onse adikira inu."

"Mwana wanga, ndipatseniko mphindi imodzi. Ndifuna kukuuzani za agogo anga."

Mnyamatayo anayang'ana wochi, nati adzamva bwino lomwe pa cakudya ca madzulo; ndipo anamgwira dzanja mwaulemu, namuolotsa mseu. M'basi mai wina wokhala naye pampando anafunsa ngati wajambula cithunzi cabwino ca ulalowo. Pamenepo anaona kuti kamera iri m'thumba momwe anaiika m'mawa, ndipo basi inali italoza kale ku Belgrade.