Usiku Umene Kompyuta Yanga Inakomoka

Zinandigwera pa boma la Ntcheu, m'kachipinda ka resitihausi ina, ndikuchokera ku Tsangano kumene ndinakacheza ndi alimi a mbatata ya kachewere. Mkonzi ankaifuna nkhaniyo m'mawa mwake, ndipo ndalama yake ndiyo inali ya lendi.

Kompyuta yanga imayendera Linux, pulogalamu yaulere imene Linus Torvalds anayambitsa ku Finland mu 1991. Mitundu yake ndi yambiri ngati nyemba pa msika wa Lizulu. Ine, chifukwa cha matama, ndinali nditasankha mtundu wina umene umalandira zatsopano pafupifupi tsiku lililonse. Usiku umenewo unandipempha kuti ndilowetse zosinthazo, ine n'kuvomera. Batire la kompyutayo linafa kalekale, ndiye magetsi atathima ntchito ili pakati, nayonso inangoti zii. Atayakanso, galasi lili bii! Nkhani ija pamodzi ndi ndakatulo zanga za zaka ziwiri zinali m'katimo. Abale, thukuta linali kamukamu, kunja kukuzizira.

Kutacha, mnyamata wina wokonza mafoni pafupi ndi depoti anaidzutsa pogwiritsa ntchito fulashi.

"Achimwene, mumasintha denga mvula ili mkati?" anandifunsa, akukopera mafayilo anga.

Ndakatulo zinapulumuka. Nkhani inafika mochedwa, mkonzi ataika kale ina, ndipo alandilodi ndinawazemba sabata ziwiri.

Ndipamene ndinasamukira ku Debian, imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993. Mtundu wake wokhazikika umatuluka pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, utayesedwa mokwanira, ndipo pakati ponsepo amangotseka mipata yolowera akuba ndi kukonza zolakwika zikuluzikulu. Ubuntu wa Mark Shuttleworth wa ku South Africa, amene anatuluka mu 2004, anamangidwa pa Debian yemweyo, ndipo mtundu wake wa LTS amausamalira zaka zisanu. Ndinauganizirako, poti dzinalo ndi umunthu wathu womwewu, koma ndinapita kwa kholo.

Anzanga a ku Blantyre amandiseka kuti mapulogalamu anga ndi achikale. Sakunama, pali zina zimene iwo amaona ine ndisanazione. Koma mayi anga mpaka lero amasiya mizere ingapo ya chimanga chamakolo pambali pa chahaibulidi, ati anankafumbwe sachithyola msanga m'nkhokwe. Kale ndinkawatsutsa.

Zosintha ndimalowetsabe, koma Lamlungu masana, ndakatulo zili pa fulashi m'thumba la malaya. Batire lija sindinagulebe.