Zilonda zinandithera nsomba, koma dziwe likadalipo

Ndine mayi wamasiye wa m'dera la Mfumu Mavwere kuno ku Mchinji, ndipo ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu anandichitira kudzera mwa anthu ake. Bambo a kunyumba atatisiya, chuma chimene ndinatsala nacho chinali munda wa mtedza, dimba, ndi dziwe limodzi la nsomba kumunsi kwa dambo. Dziwelo ndi laling'ono, koma fizi ya ana, sopo ndi mchere zinkachokera m'menemo.

Malemuwo anasankha nsomba zake mwanzeru. Zambiri zinali makumba, amene amakhuta ndi gaga komanso tizakudya tobiriwira timene timamera m'madzi ukathiramo manyowa a nkhuku. Munalinso chilunguni, chimene chimadya masamba. Ukaponya masamba a mbatata madzulo, m'mawa umapeza mitsitsi ya tsamba yokhayokha ikuyandama. Milamba inali yowerengeka, ndipo ntchito yake inali kudya tiana tochuluka ta makumba, chifukwa makumba akaswana mopanda malire amathinana n'kupinimbira onse. Nsomba iliyonse inali ndi chakudya chake, choncho sizinkalimbana.

Mavuto anafika mu Julaye 2020, kuzizira kuli pachimake, sukulu zili zotseka chifukwa cha Covid-19. Milamba ndiyo inayamba. Nsomba imene imathawa ikangomva mgugu wa mapazi inkangoima m'mbali mwa dziwe, mutu uli pamwamba. Nditagwira umodzi ndi manja ndinaona timadontho tofiira pamimba, ndipo chakumchira kunali chilonda chakuya, chotuwa m'mbali mwake, mnofu uli pamtunda. Posakhalitsa nsomba zinanso zinayamba kuyandama chagada, ndipo fungo linkamveka munthu usanafike kudimba.

M'mudzi munabuka nkhani. Ena ankati wina wandithirira katupe chifukwa cha nsanje. Achimwene a malemu bambo anabwera n'kundiuza kuti, "Alamu, izi si zachabe ayi. Tiyeni tikaombeze." Ndinawayankha kuti, "Alamu, tiyambe tadikira, pakuti ndamva kuti ngakhale kumtsinje nsomba zikufa chimodzimodzi. Kodi wansanje ameneyo angathire mankhwala mtsinje wonse?" Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinali ndi ngongole ku banki m'khonde imene ndinkayembekezera kubweza ndikakolola nsomba, ndipo ndinapemphera kuti Ambuye andionetse choona ndisanadane ndi anansi anga.

Choonacho chinamveka pa wailesi. Boma linalengeza kuti m'boma la Mchinji mwagwa matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, ndipo aka kanali koyamba kuti apezeke m'Malawi. Linaletsa kuwedza mu mtsinje wa Bua komanso kunyamula ndi kugulitsa nsomba za m'madera okhudzidwa. Alangizi a zansomba atabwera anatifotokozera kuti matendawa amayamba ndi kachilombo kangati nkhungu kamene kamakhala m'madzi, kamalowa pamene khungu la nsomba lakalika, ndipo kamalusa kwambiri madzi akazizira. Anati anaonekera koyamba ku Japan mu 1971, ndipo kuno ku Africa anafika cha m'ma 2006 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Amayenda ndi madzi, ndi nsomba zamoyo zimene anthu amasamutsa, ndiponso ndi maukonde onyowa obwerekana. Nkhawa yaikulu inali yoti Bua amadutsa ku Kasungu n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota.

Ndinafunsa kuti, "Nanga mankhwala ake ndi ati, alangizi?" Anapukusa mutu. Nsomba yodwala kale ilibe mankhwala, chimene chimachizika ndi dziwe. Matendawa anatipeza mosavuta chifukwa maiwe athu onse m'dambomo ankamwa madzi a mumfuleni kudzera m'ngalande imodzi, ndipo matemba a kumtsinje ankalowa ndi kutuluka mmene afunira.

Tinakumba dzenje kutali ndi madzi n'kukwirira nsomba zonse, zakufa ndi zotsala zomwe. Ana anga ankalira poona milamba yonenepa ikulowa m'dothi, kunyumba ndiwo zili nkhwani zotendera. Kenako tinaphwetsa dziwe, tinawaza laimu pansi ponse ndi m'makoma, n'kulisiya padzuwa mpaka matope anang'ambika ming'alu yolowa chala.

Apa ndi pamene ndinaona dzanja la Mulungu. Amayi anzanga a Chigwirizano anabwera ndi makasu ndi ndowa m'mamawa, akuimba, n'kukweza makoma a dziwe kuti madzi osefukira a dzinja asamalowemo. Anzanga a banki m'khonde anagwirizana zondidikira mpaka nditagulitsa mtedza. Alamu anga aja, amene ankafuna zokaombeza, ndi amene anatseka ngalande yakale n'kundikumbira ina yochokera pa kasupe wa kumtunda kwa dimba, ndipo pakamwa pake anaikapo sefa wa waya.

Nzeru ina inachokera kutali. Mlongo wanga amagwira ntchito pa nyumba ina ku Durban, kumene abwana ake amaweta nsomba za m'nyanja yamchere m'bokosi lagalasi. Tinalankhulana pa foni. Anati, "Achemwali, kuno nsomba yatsopano saiphatikiza ndi zinzake tsiku lomwelo. Imayamba yakhala payokha milungu ingapo, akuiyang'anitsitsa." Ndinakumba kadziwe kena kakang'ono pambali, kolandirira alendo. Tsopano nsomba iliyonse yobwera imayamba yagona m'menemo.

Kutatentha, chiletso chitachotsedwa, ndinagula mbewu ya makumba ndi chilunguni kwa mlimi amene alangizi anamuvomereza. Milamba ndinadzaikamo pambuyo pake, yochepa, komanso yofanana msinkhu ndi makumba kuti isawameze. Ndinagula ukonde wangawanga, ndipo ndikaugwiritsa ntchito ndimauchapa n'kuuyanika mpaka uume gwa. Nyengo yozizira ikamayandikira ndimakolola nsomba zikuluzikulu kuti zotsala zisathinane, ndipo mu Juni ndi Julaye sindizigwiragwira. Kuchokera nthawi imeneyo sindinaonenso chilonda m'dziwe langa. Ngongole ndinabweza yonse, mwana wanga woyamba analemba mayeso a Fomu 4, ndipo amayi ogulitsa ndiwo pa Waliranji amachita kundifunsa okha tsiku lokolola. Ulemerero upite kwa Mulungu.

Alimi anzanga a ku Mchinji ndi madera onse a m'mbali mwa Bua, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Musatole mbewu ya nsomba kumtsinje, musabwerekane maukonde onyowa, ndipo nsomba yachilendo iyambe yakhala payokha. Mukaona nsomba ya zilonda musaidye, musaigulitse, musaiponyenso m'madzi. Ikwirireni, ndipo kauzeni alangizi tsiku lomwelo musanaloze chala mnansi wanu.