Sikelo nayonso imafunika kuyesedwa

Lero ndilemba motalikirapo, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa m'nkhaniyi muli mbiri ya munthu imene ine ndidaidetsa ndi pakamwa panga. Mwini wake wandilola kuti ndifotokoze, koma dzina lake sinditchula.

Ambiri a inu mukulidziwa gulu lathu la banki m'khonde limene limakumana Lachinayi lililonse, ndipo mukudziwanso kuti wapampando wake ndine. Kwa zaka zambiri tinkalemba masheya ndi ngongole m'kaundula. M'chaka cha 2023 mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre, adatikonzera kwaulere pulogalamu yaing'ono ya pa foni yoti izitiwerengera zonse. Tidaombera m'manja, kaundula tidamuika pambali, ndipo ine ndidayenda mapewa ali m'mwamba.

Kuti mumvetse zimene zidachitika, ndiyambe ndakuuzani ntchito ya mwanayu monga momwe adandifotokozera. Iye amayesa mapulogalamu asanaperekedwe kwa anthu. Popeza munthu sangathe kudinadina mabatani tsiku lonse kuti aone ngati chilichonse chikuyenda, amalemba pulogalamu yachiwiri yoti izifunsa yoyamba ija mafunso amene mayankho ake ndi odziwika kale. Mwachitsanzo, ngati m'bokosi muli K50,000 ndipo wina wakongola K20,000, mwatsala zingati? Ikayankha K30,000, pa kompyuta pamaoneka chizindikiro chobiriwira. Ikayankha zina, pamaoneka chofiira. Kuntchito kwawo mafunso amenewa amawatcha ma test, ndipo amadzifunsa okha usiku uliwonse mwini wake ali m'tulo. M'mawa iye amangoona mitundu. Zonse zikabiriwira, mtima umakhala pansi.

Mukukumbukira mmene chaka cha 2024 chidayambira. Kwacha idali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenaka ng'amba idaumitsa chimanga m'minda, mpaka pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. M'miyezi imeneyo anthu ankabwera ku gulu kudzakongola ndalama ya ufa, ndipo oponya masheya adali ochepa kwambiri.

Kumapeto kwa Epulo tidatsekula bokosi kuti tiwerenge ndalama zonse pamaso pa gulu. Zimene foni idanena kuti ziyenera kukhalamo zidaposa zimene tidapeza ndi K86,000. Tidawerenga kachiwiri, kachitatu, koma kusiyana kudali komweko. Bokosilo limagona kwa msungichuma wathu, mayi wamasiye amene akulera zidzukulu. Maso onse adatembenukira kwa iwo.

Mayiwo adatulutsa kope la ana asukulu m'chikwama chawo. Adati ngakhale tidasiya kaundula, iwo sadaleke kulemba paokha, ndipo m'kopemo mudali ngongole za anthu atatu zimene foni sinkazionetsa. Mmodzi mwa atatuwo adali atapita kukapha nsomba pa nyanja ya Chilwa. Awiri enawo adangoweramitsa mitu, nati m'miyezi ya njala adakongola kangapo ndipo sakukumbukira bwino. Ine pa msonkhano wotchulidwawo kudalibe, ndidali ku maliro. Mayiwo adanditambasulira kope lija kuti ndione ndekha. Sindidalilandire. Ndidanena mawu awa, ndipo ndiwalemba monga momwe adatulukira: "Amayi, m'kope aliyense atha kulembamo zimene wafuna, koma makina sanama. Pulogalamuyi imayesedwa usiku uliwonse."

Sindidatchule mawu akuti kuba, koma aliyense adamva chimene ndimatanthauza. Pofika Lamulungu nkhani idali itafika pa mjigo ndi pa msika. Mayiwo adabweza bokosi, ndipo kwa masabata atatu mpando wawo m'tchalitchi udali wopanda munthu.

Ndidamuimbira mwana wanga ndili ndi mtima wonyada, kumuuza kuti pulogalamu yake yagwira wakuba. Adakhala chete kanthawi, kenaka adandifunsa ngati kope la mayiwo ndidaliwerenga. Nditayankha kuti ayi, adati, "Ababa, musalankhulenso china chilichonse mpaka nditabwera." Loweruka lotsatira adafika ndi laputopu yake, napita yekha kukapempha kope lija mwaulemu.

Zimene adachita pa khonde langa masana amenewo ndizo ndikufuna muzimvetsetse, chifukwa akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, sadayambe ndi kuteteza pulogalamu yake kapena kuteteza mayiwo. Adaika kope kumanzere, foni kumanja, nayamba kufananitsa mzere ndi mzere kuyambira Januwale. Zonse zidagwirizana mpaka pa ndalama yomaliza, kupatula tsiku limodzi lokha. Ngongole zitatu zija zidaperekedwa Lachinayi, pa 29 Febuluwale, ndipo zitaphatikizidwa zidakwana K86,000 ndendende.

Chachiwiri, adafuna kuti vutolo lichitikenso iye akuona. Adati vuto limene sungathe kulibwereza sunalidziwe, ukungoliganizira. Adabweza tsiku la pa kompyuta yake kukhala 29 Febuluwale 2024, nalembamo ngongole yongoyerekeza. Pulogalamu idailandira bwinobwino. Koma atafunsa ndalama zotsala m'bokosi, ngongole ija sidachotsedwe. Chifukwa chake chidaoneka msanga. Pulogalamuyo inkaphatikiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo iye adailembera kuti Febuluwale amatha pa 28. Malichi amayamba pa 1. Tsiku la 29 lidagwera pakati, lopanda mwezi wolitenga. Paja dziko limatenga masiku 365 ndi maola pafupifupi asanu ndi limodzi kuti lizungulire dzuwa, ndipo maola otsalawo ndiwo amasonkhanitsidwa kukhala tsiku loonjezera pa zaka zinayi zilizonse. Pulogalamu yathu idalembedwa mu 2023, chaka chimene tsikulo kudalibe.

Ine ndidaganiza kuti ntchito yathera pomwepo, angokonza nambalayo. Iye adakana. Adati funso lalikulu lidakalipo: n'chifukwa chiyani ma test ake sadakuwe? Adawayendetsa ine ndikuona, ndipo onse adabiriwira, pamene tonse tidali titangoona ndi maso kuti pulogalamu ikulakwitsa.

Apa ndiye adachita chachitatu, chimene chidandidabwitsa. Adaononga pulogalamu yake mwadala. Adailembera kuti Febuluwale amatha pa 20, bodza loti ngakhale mwana wa Sitandade 3 angalikane, nayendetsanso ma test aja. Onse adabiriwiranso. Adagwira kukamwa. Adatsekula funso limene linkayenera kulondera mathero a miyezi, naliwerenga pang'onopang'ono, ndipo adapeza kuti funsolo lidalibe yankho lakelake. Pofuna kudziwa tsiku limene mwezi umathera, linkafunsa pulogalamu yomwe ija imene likuiyesa, kenaka n'kufananitsa yankholo ndi yankho lomwelo. Zidali ngati mphunzitsi amene akuchonga mayeso pogwiritsa ntchito pepala la wophunzira yemweyo ngati mayankho olondola. Wophunzira wotero sangalephere, ngakhale atalemba zopanda mutu.

Inu amene mumalima mpunga m'madambo a Chilwa mukuidziwa nkhani imeneyi bwino kuposa ine. Wogula akafika ndi sikelo yake, simungaitsimikize poyeza thumba lomwelo kawiri pa sikelo yomweyo. A bungwe la Malawi Bureau of Standards akamayendera masikelo a malonda amabwera ndi miyala yawo yoyezera imene kulemera kwake kudatsimikizidwa kwina. Choyesera chiyenera kukhala ndi choonadi chochokera kunja kwa chinthu chimene chikuyesedwa.

Padalinso china chimene mwana wanga adachipeza, ndipo ichi ndicho chidamugwetsa misozi. Atayang'ana m'mbuyo zolemba za usiku uliwonse, adaona kuti usiku wa pa 29 Febuluwale funso lina, limene limagwiritsa ntchito tsiku lenileni la pa kalendala, lidafiira. M'mawa mwake, pa 1 Malichi, iye adaliyendetsanso, ndipo lidabiriwira chifukwa tsiku lidali litasintha. Adangoti mwina idali netiweki, napitiriza ntchito zina. Adandiuza kuti pa ntchito yawo mafunso amene amafiira lero n'kubiriwira mawa ndi ambiri, ndipo amatopetsa, kotero anthu amazolowera kungowabwereza mpaka atakhala chete. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansi ameneyu adatsina kamodzi ndipo sadamveredwe.

Chachinayi, pokonza adayamba ndi funso, pulogalamu pambuyo. Adatenga kalendala ya pakhoma panga, nalemba yankho ndi dzanja lake: mu 2024 Febuluwale ali ndi masiku 29, mu 2023 ali ndi 28. Adayendetsa, ndipo kwa nthawi yoyamba funsolo lidafiira. Adasangalala kuona kufiirako kuposa mmene ndidamuonerapo akusangalala ndi kubiriwira. Adati, "Ababa, funso limene sindinalionepo likukana sindingalikhulupirire likavomera." Atatero ndiye adakonza pulogalamu, funso lija n'kubiriwira moona. Adaonjezanso mafunso ena a m'malire: pa 28, pa 29, pa 1 Malichi, pa 31 Disembala, ndi pakati pa usiku pamene tsiku likusintha.

Musaganize kuti izi ndi za kumudzi kokha kapena za mwana wophunzira kumene. Pa 19 Julayi chaka chomwecho cha 2024, kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike idatumiza kwa makasitomala ake kachidutswa kolakwika ka pulogalamu, ndipo makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni a Windows adaleka kugwira ntchito. Ndege zidalephera kunyamuka, ndipo zipatala ndi mabanki adasokonekera m'maiko ambiri. Kampaniyo idavomera kuti chida chake choyesera, chimene chinkayenera kugwira cholakwikacho, chidali ndi vuto nachonso ndipo chidachilola kudutsa.

Koma nkhani imene idandisowetsa tulo ndi ya ku Britain. Kuyambira 1999 ma positi ofesi a kumeneko adayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, ya kampani ya Fujitsu. Pulogalamuyo inkaonetsa kuti ndalama zasowa pamene sizidasowe. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 oyendetsa ma positi ofesi adazengedwa milandu, ena adapita kundende, ena adataya nyumba ndi maukwati. Akadandaula ankauzidwa kuti makina ali bwino. Padafunika gulu la anthu 555, motsogozedwa ndi Alan Bates, kuti mu 2019 khoti lalikulu ligamule kuti pulogalamuyo idalidi ndi zolakwika, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo lofafaniza milandu imeneyo. Nditamva izi ndidazindikira kuti mawu amene adaphwanya anthu amenewo ndi omwe ndidalankhula ine pa msonkhano wa gulu lathu.

Cholakwa cha mwana wanga chidali cha nambala imodzi, ndipo adachikonza masana amodzi. Changa chidali chachikulu. Padali mboni ziwiri zosagwirizana, kope ndi foni, ndipo ine ndidasankha imodzi ndisanamve inayo, chifukwa idali yatsopano, ndiponso chifukwa idachokera m'nyumba mwanga. Ine amene ndimaphunzitsa a kalasi lamulo lachisanu ndi chinayi ndidaperekera mnzanga umboni umene sindidaufufuze.

Lachinayi lotsatira ndidaima pamaso pa gulu, mwana wanga ali pambali panga, ndipo tidafotokoza zonse. Awiri aja adavomera ngongole zawo, wachitatu adavomera atabwera ku nyanja. Kenaka ndidapita kunyumba kwa mayiwo pamodzi ndi mkulu wa mpingo mnzanga, ndi kuwauza kuti ndidawalakwira. Adandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "A tcheya, ndakumvani. Koma chimene chidandipweteka si ndalama ayi. Ndidakupatsani kope, inu osalitsekula n'komwe." Ndidalibe choyankha. Pepani sapoletsa chilonda. Ku tchalitchi adabwerera, koma bokosi adakana kulitenganso, ndipo sindingawadzudzule.

Tsopano gulu lathu lidagwirizana zinthu zitatu. Kaundula wabwerera, ndipo amalembedwa limodzi ndi foni pa msonkhano uliwonse. Ziwirizi zikasiyana, palibe wotchulidwa dzina mpaka titafananitsa mzere ndi mzere. Ndipo pulogalamu ikasinthidwa, mwana wanga amatumiza chithunzi chosonyeza funso likufiira lisanabiriwire.

Inu ana athu amene mukugwira ntchito za makompyuta m'matauni, chizindikiro chikafiira kamodzi musachithamangitse, chifunseni chimene chaona. Ndipo zonse zikabiriwira, onongani kanthu mwadala muone ngati choyesera chanu chili maso. Kumapeto kwa manambala anuwo kuli munthu wonga mayi uja. Kwa inu nonse otsala, makamaka amene mudamva nkhaniyi pa mjigo ndi kuipititsa patsogolo, ndikupemphani kuti muipititsenso iyi mpaka ifike kulikonse kumene yoyamba ija idafika. Mayi uja sadatenge ngakhale tambala imodzi.

Khalani bwino nonse. Tionana Lamulungu.