Melnik yandikumbutsa Malape, ndipo mtima ukuwawa

Abale anga kumudziko, ndabwerako ku Melnik koma mtima sunakhazikike. Ndi tauni yaying'ono kuposa ina iliyonse m'Bulgaria, anthu ake sakwana ndi 400 omwe, ili pafupi ndi Sandanski, chakumalire ndi Greece. Komatu alendo sakata phazi.

Chomwe amadzaona kwenikweni ndi dothi lokokoloka. Mvula ndi mphepo zinasema zitunda zamchenga zozungulira tauniyi n'kusiya zipilala zosongoka, zina zotalika mamita 100. Kanjira kapansi kodutsa m'zipilalamo kamakakutulani ku Rozhen, kunyumba ya amonke a Orthodox. M'tauni muli nyumba ya Kordopulov ya mu 1754, ya banja lochita malonda a vinyo. Mawindo ake ndi a magalasi amitundumitundu, ndipo kunsi kwake kuli mphanga zokumba pamanja zomwe ankasungiramo migolo. Alendo amakanikiza makobidi pakhoma lamchenga la mphangazo mpaka likuchita kunyezimira. Boma linateteza tauni yonse, moti ofuna kumanga amatsata kamangidwe ka makolo.

Chandibaya n'chakuti ambiri mwa oyendawo ndi eni dziko: agogo ndi zidzukulu, ana asukulu ndi aphunzitsi awo. M'mbali mwa msewu amayi akugulitsa uchi, jamu ya nkhuyu ndi vinyo wofulula okha. Ndalama ikutsala pamudzi.

Nanga Malape yathu ku Machinga, yomwe nayonso ili ndi zipilala za dothi lokokoloka, yachepa pati? Ndi angati a pa Liwonde pomwepo anapondako? Chongoni inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, koma timangoidutsa pabasi ya ku Lilongwe, ati zoona malo n'za azungu.

Ngakhale pa zithunzi za ulendowu zomwe ndinaika, yankho loyamba linali loti "mukudyerera, tikumbukeni." Zinandipweteka. Kuno ku Bulgaria ndimagwira ntchito usiku, kuzizira kumalowa m'mafupa, zilembo zawo ndikuvutika nazobe, ndipo ndalama ya fizi sindinadumphitsepo. Kukaona phiri tsiku limodzi si kulemera, n'kupumitsa mutu.

Ndikudziwa kuti thiransipoti yakwera ndipo ufa ndiye woyamba. Komabe pamaliro ndi paukwati minibasi timaipeza posonkherana. Aphunzitsi, amvano, a banki nkhonde, sonkhani kamodzi pachaka mutengere ana ku Malape, mulipire mnyamata wapamudzipo wokulondolerani njira, mugulenso nthochi za amayi akumeneko. Mwana amene waona malo ndi maso ake sadzalola kuti awonongeke.