Ferguson yotuwa ikamadontha petulo

Ntchito yanga ndi yodzutsa mathirakitala akale, aja anasiyidwa pansi pa mtengo matayala ataphwa. Imene ndimaikonda ndi Ferguson TE20, kathirakitala kotuwa kamene kankapangidwa ku Banner Lane mumzinda wa Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956. Anapanga opitirira theka la miliyoni, ndipo ambiri anatumizidwa kunja, kuphatikizapo kuno ku Africa. Injini yake sivuta kudzutsa. Chimene chimabweza eni ake ku galaja kwanga, penti isanathe ndi mwezi womwe, ndi fungo la petulo.

Ferguson ya petulo ilibe pampu ya mafuta. Thanki ili pamwamba pa injini, pansi pa boneti, ndipo petulo amangotsetsereka yekha kudutsa pa valavu, kulowa m'kambale kagalasi kodikhitsira zinyalala, kenako m'paipi mpaka ku kabureta. Ndiye kuti kaya injini ikulira kaya yazima, petulo amakhala akukankhabe polumikizira paliponse. Dontho lake limagwera pa injini yotentha, pafupi ndi mawaya. N'chifukwa chake ndisanagwire sipanala ndimachotsa kaye batire, ndipo wosuta fodya amakasutira kumsewu.

Pamene pakuoneka dontho kawirikawiri si pamene pabooka. Petulo amayenderera pachitsulo n'kukadonthera pansi pa kambale, munthu n'kumati vuto ndi kambaleko. Ine ndimapukuta paliponse mpaka pouma, kupaka choko chopera, kutsegula valavu, n'kudikira. Pamene choko chayamba kuda, kumwamba kwenikweni, m'pamene pali bala.

Nthawi zambiri bala limakhala pa kamtengo ka valavu, kaja timapotokola potsegula. M'kati mwake muli chotsekera cha cork chimene kanati kamachifinya. Thirakitala ikakhala zaka osalawa mafuta, cork amauma n'kunyala. Mukhoza kukhwimitsa kanatiko pang'ono, kachigawo chabe ka mzunguliro, ndipo nthawi zina zimatheka. Zikakanika musaumirire. Masulani, ikani chotsekera chatsopano, mutachinyika kaye mu oyilo kuti chifewe.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi anyamata ambiri ophunzira ntchito. Iwo akaona dontho, mankhwala awo ndi amodzi: kumanga mpaka mitsempha itatuluka m'khosi. Komatu mutu umene kambale kagalasi kamakhalapo ndi wachitsulo chofewa. Mukalimbitsa kwambiri kanati kapansi kamene kamakoka waya wogwira kambale, mutuwo umapindika, ndipo ukapindika ngakhale gasiketi yatsopano siithandiza. Ambiri mwa mavalavu amene amandipeza anawonongedwa ndi dzanja la munthu, osati ndi zaka. Ndimayala sandipepa wosalala pa galasi lathyathyathya, n'kumasisitapo nkhope ya mutuwo mozungulira mpaka yonse itawala mofanana. Ndimayendetsanso chala pamlomo wa kambale, poti kakabenthuka ngakhale pang'ono kayenera kusinthidwa. Kasefa kawaya kamene kamakhala pamwamba pa gasiketi kakhale bwino m'malo mwake, chifukwa kakapindikira pakati pa gasiketi ndi chitsulo kamatsegula njira. Kenako kanatiko ndimamanga ndi zala basi.

Polumikiza valavu ku thanki ndimapaka mankhwala omatira amene petulo sawasungunula. Silikoni ayi. Petulo amamufewetsa, tizidutswa take n'kukatseka timabowo ta kabureta. Tepi yoyera ya okonza mipopi nayonso imanyenyeka chimodzimodzi. Za sopo wamtanda ndi lekeni, zija amamata nazo madalaivala panjira, zimakufikitsa kunyumba, koma si kukonza.

Paipi ili ndi nkhani yakeyake. Ena pokonzanso thirakitala amaika yakopa chifukwa imapindika mosavuta ndiponso imakongola. Koma kopa akamagwedezeka tsiku ndi tsiku amauma mtima n'kung'aluka, makamaka pakhosi pafupi ndi nati. Ine ndimasankha yachitsulo, yopindidwa bwino kuti ifike pamalo pake popanda kuikoka. Paipi imene mukuchita kuikankha kuti nati igwire idzachucha basi. Natiyo iyambe kulowa ndi zala, mazinga atagwirana bwino, sipanala ibwere pomaliza, ina itagwira mbali inayo kuti valavu isapotokoke. Mawashala ofiira a pa kabureta sagwira ntchito kawiri. Akopa okha ndi amene mungawabwezere, mutawawotcha mpaka kufiira kuti afewenso.

Pali chinanso chimene opanga a ku Coventry sanachiwerengere. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ntchito imene inayamba mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa. Ethanol amadya labala wakale, amakoka chinyezi, komanso amatakasa dzimbiri la m'thanki. Choncho pogula gasiketi kapena kachidutswa ka paipi yalabala, funsani ngati n'zopirira ethanol. Ndipo thanki ikakhala yadzimbiri, yambani mwaitsuka, apo ayi kambale kadzadzaza matope ofiira sabata iliyonse.

Dzimbiri lomwelo ndilo limachititsa kudontha kumene ambiri amakunamizira paipi. Kachidutswa kakatsakamira pa singano ya m'kabureta, singanoyo siitseka, petulo amasefukira n'kumatuluka pansi pa kabureta usiku wonse. M'mawa thanki yatsika, pansi panyowa, injini ikukana kulira. Singanoyo sinapangidwe kuti izisunga thanki yonse yokha, imeneyo ndi ntchito ya valavu.

Ndikamaliza ndimathira petulo, kutsegula valavu, kuyala katoni youma pansi, n'kuisiya mpaka mawa. Kenako ndimailiza mpaka itenthe, chifukwa pena pamauma injini ili yozizira n'kuyamba kuchucha ikagwedezeka. Inu amene muli nayo, mukaimika thirakitala madzulo tsekani valavu musanachoke, ndipo poitseka musaikakamize.